Amene Anasema Msewu wa Golodi Ali Kuti?

Chithunzi chilichonse chili ndi malo amodzi okha padziko lapansi pamene wochijambula anaima. Ukasuntha mapazi awiri kumanzere, mwala wapafupi umaphimba mpata wa phiri lakutali umene pachithunzipo ukuoneka bwinobwino. Ukasendera kutsogolo, mwalawo umakula n'kupitirira msinkhu wa phirilo. Anthu amene amatenga zithunzi zakale n'kumakafunafuna pamene zinajambulidwira amalidziwa lamulo limeneli, ndipo amadziwanso kuti silimva kupepesa. Malowo umawapeza kapena suwapeza. Ine ntchito imeneyi ndimaichita pa msewu wa Golodi, umene umachoka ku Chitimba m'mbali mwa nyanja n'kukwera mpaka ku Livingstonia, ndipo yandisiyira funso limene kamera singathe kuyankha: zinthu zimene zinachitikadi, koma palibenso wozikumbukira, zili kuti?

Amene anakwerapo msewuwu sauiwala. Ndi wa makilomita pafupifupi 15, koma pa kamtunda kameneka munthu amakwera mamita oposa 700, kudutsa makona okwana pafupifupi 20 opindika ngati chigongono. Pa makona ena galimoto yaitali siikhota kamodzi: dalaivala amapita kutsogolo, n'kubwerera m'mbuyo matayala ali pafupi ndi phompho, okwera ali chete, kenako n'kukhota. Oyenda pansi ali ndi tinjira tawo todula makonawo, totsetsereka moti munthu amagwira mizu. Masiku ano akabaza a njinga zamoto ndiwo eni msewu.

Mishoni ya Livingstonia inayambira ku Cape Maclear mu 1875, inasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo malungo atapitiriza kupha anthu m'mbali mwa nyanja, Dr Robert Laws anasankha phiri la Khondowe mu 1894. Kumwambako kunali mphepo yabwino ndi madzi, koma katundu yense wobwera pa sitima ankatsikira pansi, pa gombe limene azungu ankalitcha Florence Bay. Malata, makina, mabuku, mapaipi a madzi, zonsezi zinayenera kukwera phiri. Poyamba zinkakwera pamitu ndi pamapewa pa amtengatenga. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 ndi pamene anasema msewu woti ngolo zizitha kudutsa, ndipo makona ambirimbiriwo ndiwo nzeru yake: msewu ukamapita uku n'kubwerera uku, chitunda chimafewa ndipo ng'ombe zimakoka. Panalibe thirakitala. Panali makasu, mapiki, mafosholo, madengu ndi anthu.

Zithunzi za nthawi imeneyo zinatsala. Zina zili m'nyumba ya miyala imene Laws ankakhala, ya Stone House, imene tsopano ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale. Zina zili m'mabuku a amishonale, monga mbiri ya Laws imene W. P. Livingstone anatulutsa mu 1921, ndipo zambiri zinapita ku Scotland. Ine ndimayenda ndi makope, osindikiza pa pepala wamba, oti ndikhoza kujambulapo mizere ndi pensulo.

Luso lofananitsa zithunzi zakale ndi malo ake si lachilendo. Akatswiri oyeza madzi oundana a m'mapiri a Alps ankabwereza kujambula malo amodzimodzi kuyambira zaka za m'ma 1880, ndipo ku America gulu limene munali Mark Klett linayenda kuyambira 1977 mpaka 1979 kufunafuna pamene anaima ojambula akale monga Timothy O'Sullivan ndi William Henry Jackson. Onsewa ankadalira mfundo imodzi. Galasi la kamera, likhale lokoka kapena lotambasula, limangochepetsa kapena kukulitsa zimene zalowa m'chithunzi. Silisintha mmene chinthu chapafupi chakhalira poyerekeza ndi chakutali. Chimene chimasintha zimenezo ndi pamene mapazi ako ali basi. Ndiye umasankha zinthu ziwiri, chimodzi pafupi, china kutali, n'kujambula mzere wowongoka pa pepala kuchokera pa nsonga ya mwala kukafika pa msana wa phiri. Kenako umayenda chammbali mpaka ziwirizo zitalunjikana, monga amachitira mmisiri womanga nyumba akatsinzina diso limodzi kuti aone ngati zikhomo za maziko zili pa mzere. Ukapeza mzere woyamba umafuna wachiwiri kumbali ina ya chithunzi, ndipo pamene mizere iwiriyo yakumana ndi pamene wojambula anazika miyendo itatu ya kamera yake. Chotsala ndi msinkhu wa kamerayo ndi nthawi ya tsiku, imene umaiwerenga pa mithunzi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa Golodi munthu umaphunzira msanga zimene ungadalire ndi zimene zingakunamize. Mitengo siidalirika: pamene wojambula ankaona nyanja yonse, lero pakhoza kukhala mtengo wa mombo wotseka maso, ndipo pamene panali nkhalango pakhoza kukhala munda wa chinangwa. M'mphepete mwa msewu namo simudalirika, chifukwa mvula imagumula, anthu amakonza, makona ena anawathira konkire. Madzi saiwala khwawa, ndipo chaka ndi chaka amafuna kubwerera m'njira imene msewu unawalanda. Ngakhale nyanja, imene timaiona ngati yosasintha, imanamiza. Cha m'ma 1915 madzi ake anatsika kwambiri moti anasiya kutulukira mu Shire mpaka cha m'ma 1935, choncho gombe la pa chithunzi chakale silili pamene pali gombe lero. Nyengo nayo ili ndi mawu ake: mu Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wa m'tchire umabisa mapiri a kutsidya ku Tanzania, ndipo amene akufuna kuwaona adikire mvula ithe kumene. Chodalirika ndi msana wa phiri la Chombe, wathyathyathya pamwamba, ndi mathanthwe akuluakulu amene osema msewu analephera kuwasuntha n'kungowalambalala.

Pali chithunzi chimodzi chimene ndinachipezera malo ake mosakayika. Chikuonetsa kona ikusemedwa. Kumanja kuli khoma la thanthwe lokhala ndi mng'alu wopendekeka, wogawikana pawiri chakumunsi. Patsogolo pali amuna atavala nsalu m'chiuno, ena agwira makasu, wina wasenza dengu. Mmodzi anasuntha mutu pamene ankajambulidwa, moti nkhope yake inangotsala chimbuuzi. Wina, wachinyamata, waponda mwala ndi phazi lamanzere ndipo akuyang'ana kamera mosaphethira. Chapambali paima mzungu wa chipewa cholimba. Mng'alu uja ulipo mpaka lero, wogawikana pamalo omwewo. Mwala umene mnyamata anaponda uliponso, ngakhale theka lake linakwiririka. Mizere itakumana ndinadziwa kuti ndaima pamene panaima kamera, ndipo kuti mnyamata uja anali mapazi ochepa chabe kuchokera pamene ndinali. Zonse za pachithunzi zinalipo kupatula anthu.

Ndili pomwepo panatulukira mayi wina wachikulire atasenza nthochi, akutsikira ku Chitimba. Anatula katundu n'kupempha kuti aone pepala limene ndinkangoliyang'ana. Analiyang'ana nthawi yaitali, n'kuloza thanthwe, n'kuloza pepala, akugwedeza mutu kuvomereza. Kenako anaika chala pa mnyamata uja n'kufunsa, m'Chichewa chosakaniza ndi Chitumbuka: "Adada, nanga awa ndi a kwa yani?" Ndinati, "Amama, pansi pa chithunzi sanalembe." Anati, "Ndiye kuti abale awo sakudziwa kuti ali apa." Anasenza nthochi zawo n'kumapita.

Funso la mayiwo ndi lakale kuposa kamera. Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, amene anakhala ndi moyo kuyambira 354 mpaka 430, analimbana nalo m'gawo la 11 la buku lake la Confessions. Anaona kuti zakale kulibenso, zam'tsogolo sizinafike, ndipo nthawi ino imathawa usanaigwire. Anafika pa mfundo yoti zakale zimapezeka m'mtima mwa munthu, pamene akukumbukira. Mbusa ndi katswiri wa ku Kenya John Mbiti, m'buku lake la mu 1969 lonena za zipembedzo ndi nzeru za mu Africa, anafotokoza zimene ambiri a ife tinakula tikuziona: kuti womwalira amakhalabe pakati pa abale ake malinga ngati alipo amene anamudziwa ndipo amamutchula dzina, ndipo womaliza womudziwa akamwalira, iye amalowa m'khamu la mizimu yopanda mayina. N'chifukwa chake timapatsa mwana dzina la malemu agogo ake. N'chifukwa chake makolo athu pothira nsembe ya ufa patsinde pa mtengo ankatchula mayina mmodzimmodzi, ndipo ife timasonkha ndalama zomangira chiliza ngakhale chaka chili cha njala. Timaopa kuti munthu akaiwalika wafa kachiwiri.

Maganizo amenewa ndimawalemekeza, chifukwa amatiphunzitsa kuti kukumbukira ndi udindo. Koma akakhala okha amandiopsa. Ngati zakale zimakhala m'kukumbukira kwa amoyo basi, ndiye kuti amene ali ndi mphamvu yolemba ndi yojambula ndiye mwini zakale. Laws, amene anakhala m'dziko muno zaka 52 mpaka mu 1927, ali ndi mabuku, makalata ndi nyumba yomukumbukira. Yuraia Chatonda Chirwa, amene anayenda naye pofufuza malo a Khondowe ndipo anatumikira mishoniyo zaka zambiri ngati kapitawo, ndi mmodzi mwa ochepa amene mayina awo analowa m'mabuku. Ophunzira otchuka a kumeneko monga Clements Kadalie, amene anakayambitsa bungwe la anthu apantchito ku Cape Town mu 1919, timawadziwa. Nanga wosenza dengu uja? Nanga amene tsiku lojambula anali kuseri kwa kona, kapena anagona kumsasa atapsa ndi malungo? Ngati kukhalapo kwa munthu wakale kumadalira kukumbukiridwa, ndiye kuti osauka amafa kotheratu ndipo otchuka okha ndiwo amatsala. Chiphunzitso chotero chimangopitiriza kumanda tsankho limene linalipo pa malipiro.

Apa ndi pamene ntchito yofananitsa zithunzi yandithandiza kuganiza. Chimene imakuphunzitsa tsiku lililonse ndi chakuti zakale zili ndi liuma. Ukhoza kufunitsitsa kuti chithunzi chikhale cha pa kona yokongola yoonekera nyanja, ukhoza kumva kwa anthu okhulupirika kuti chinajambulidwa pamenepo, koma ngati mng'alu wa thanthwe sukulunjikana ndi msana wa Chombe, ndiye kuti si pamenepo. Mudzi wonse ukhoza kugwirizana pa nkhani imodzi, thanthwe n'kukana. Zimenezi zikutanthauza kuti zimene zinachitika sizidalira zimene ife tikukumbukira. Kamera inaima pamalo amodzi tsiku lina, kaya wina akudziwa kaya sakudziwa, ndipo malowo anali oona zaka zonse zimene panalibe wowafunafuna. Ngati zili choncho ndi miyendo ya kamera, zili chonchonso ndi phazi la mnyamata uja. Anali ndi dzina, anali ndi mayi ake, panali chimene ankafuna kugula ndi malipiro ake kapena msonkho umene unkamusowetsa tulo. Kuiwala kwathu sikungafafanize chilichonse mwa zimenezi. Chimene chachitika, palibe mfumu kapena boma limene lingachisandutse chosachitika.

Komabe thanthwe ndi mboni yosadziwa chimene ikuchitira umboni. Limasunga zipsera za piki, koma silidziwa dzanja limene linagwira pikiyo. Likhoza kunditsimikizira kuti munthu anaima apa, koma silingayankhe funso la mayi uja, lakuti munthuyo ndi wa kwa yani. Ndipo funso limenelo ndilo lofunika. Mayiwo sanafunse ngati mnyamatayo analipodi. Zimenezo anaziona ndi maso. Anafunsa ngati ali ndi mwini, ngati alipo womudziwa.

Ine ndimakhulupirira kuti alipo. Chikhulupiriro chimene ndinaleredwamo, chimene Asilamu anzathu nawonso amachigwira mwa njira yawo, chimati Mulungu saiwala, ndipo kwa Iye zakale sizili kutali monga zilili kwa ife. Augustine yemweyo sanathere pa kukumbukira kwa munthu: anati nthawi ndi cholengedwa, ndipo Mlengi wake sayenda nayo monga ife, amaona zonse zili pamaso pake. Ngati zili choncho, ndiye kuti khamu la opanda mayina ndi lopanda mayina kwa ife tokha. Wojambula anaona kuchokera pamalo amodzi, pa kamphindi kamodzi, ndipo anasiya kunja zonse zimene sizinakwane m'galasi lake. Mulungu alibe malo amodzi oimapo, choncho palibe amene amatsala kunja kwa chimene akuona. Wosuntha mutu uja, amene nkhope yake inafufutika pa pepala, kwa Iye ili yonse.

Mnzanga wina wosapembedza amanditsutsa pamenepa, ndipo mfundo yake ndi yolemera. Amati choona chimakhala choona popanda wochidziwa, ndipo ndaonetsa ndekha zimenezo ndi thanthwe. Nanga Mulungu ndikumulowetsapo chifukwa chiyani? Ndimamuvomereza kuti mizere ya pensulo siingatsimikize kuti kuli Mulungu. Koma pali kusiyana pakati pa chinthu kukhala choona ndi munthu kuchitiridwa chilungamo. Kuti mnyamata uja anatuluka thukuta pa kona imeneyi ndi zoona mpaka muyaya, koma choona chimene palibe wochidziwa sichithokoza, sichibweza ngongole, sichipukuta misozi. Mtima wa munthu umakana kuti nkhani ithere pamenepo, ndipo kukana kumeneku timakuona paliponse: kwa wothira nsembe, kwa womanga chiliza, kwa mayi wosenza nthochi amene anamva chisoni ndi munthu wosamudziwa. Mnzangayo amati kukana kumeneku ndi kufooka kwathu. Ine ndimati ndi njala, ndipo ndimakhulupirira kuti njala imeneyi ili ndi chakudya chake.

Ena amandifunsa ngati kuthamangira zithunzi za amishonale si kusirira nthawi ya atsamunda. Yankho langa lili mu ntchito yomweyo. Ukapeza pamene wojambula anaima, umatha kuchita chimene chithunzi sichingachite: umatembenuka. Umaona zimene anazipatsa msana. Kumtunda kwa msewuwu kuli mathithi a Manchewe, otalika mamita pafupifupi 125, ndipo kuseri kwa madzi ake kuli phanga limene anthu a m'derali ankabisalamo nthawi ya nkhondo mishoni isanabwere. Aphoka, anthu a m'deralo, anali ndi minda, njira ndi manda awo m'mapiri amenewa kalekale. Kamera inkakonda kuloza chimene mishoni yamanga, ndipo pansi pa chithunzi ankalemba dzina la mzungu, ena onse n'kungowatcha antchito. Kuima pamene munthu anaima sikutanthauza kuvomereza zonse zimene anaona. Koma sungamutsutse mwachilungamo usanaime pamenepo, chifukwa sudziwa chimene chinali pamaso pake ndi chimene anasankha kusiya. Lamulo limeneli ndimaliona kuti ndi la moyo wonse, la m'banja, la pabwalo la milandu ndi la mumpingo: usanaweruze mboni, pita ukaime pamene inaima, kenako uyang'ane mbali zonse.

Phiri lomweli lili ndi chitsanzo cha anthu amene anasankha okha mmene adzaonekere pachithunzi. Mu Malichi 1959, boma la atsamunda litalengeza kuti dziko lili pangozi, ndege inaponya uthenga ku Livingstonia wofunsa ngati azungu a pamishoni akufuna kuwasamutsa, ndipo yankho linayenera kulembedwa pansi kuti lioneke kuchokera kumwamba. Akuda ndi azungu a pamenepo atakambirana anayala miyala yopaka laimu pa kapinga, n'kulemba Aefeso 2:14, ndime yonena za mtendere pakati pa anthu amene anali olekana. Ndege inajambula, chithunzicho chinafalitsidwa, ndipo zilembozo zikuonekabe pafupi ndi Stone House. Chithunzi chimenecho n'chosavuta kuchipezera malo. Koma nachonso chikuonetsa uthenga, osati manja onse amene ananyamula miyalayo. Ngakhale pa tsiku labwino ngati limenelo, kukumbukira kwa anthu kunatenga zina n'kusiya zina.

Kukhulupirira kuti Mulungu amasunga onse sikutichotsera ife ntchito. Kumatiwonjezera. Ngati anthu a pa chithunzi chija ndi odziwika kwa Iye, ndiye kuti ndi anthu enieni mpaka lero, ndipo kuwanamizira kapena kuwanyalanyaza ndi kulakwira munthu, osati kungolakwitsa mbiri. N'chifukwa chake sindilola kunena kuti chithunzi n'cha pa kona yakutiyakuti pamene mizere ikukana, ngakhale nkhaniyo ikome bwanji. Umenewo ndi umboni wonama. N'chifukwa chakenso ndimaona kuti makope a zithunzizi sayenera kungokhala m'makabati a ku Edinburgh kapena m'chikwama changa. Ayenera kufika m'midzi ya ku Khondowe, ku Chitimba ndi ku Mlowe, m'manja mwa agogo amene anamva kwa agogo awo kuti uje anagwira nawo ntchito ya msewu. Mayina ena akhoza kupezeka akadalipo owatchula, ndipo ophunzira a pa yunivesite ya Livingstonia, imene inatsegulidwa mu 2003 pamwamba pa phiri lomweli, ali pafupi kuposa wina aliyense kuti awalembe.

Ndipo nafenso tili ndi zithunzi zathu. M'nyumba zambiri muli chimbale cha zithunzi za ukwati, za ku Joni, za pa sukulu ya mishoni, ndipo muli munthu mmodzi yekha wokalamba amene angathe kunena kuti uyu ndi ndani, anali wa kwa yani, apa ndi pati. M'mafoni mwathu muli zithunzi zambirimbiri zopanda dzina ngakhale limodzi. Mulungu sadzafuna kuti timukumbutse, koma adzukulu athu adzafuna. Khalani pansi ndi wokalambayo sabata ino, mutembenuze chithunzi chilichonse, mulembe kuseri kwake mayina a onse, kuyambira ndi amene aima kumapeto.